Makina Achitatu

Seo Mi-ran anamerera imvi m'fakitale ya mabawuti mumzinda wa Changwon. Ntchito yake inali kuyerekeza avereji ya kutalika kwa mabawuti ochokera m'makina atatu, kuti aone ngati makinawo akusiyanadi, kapena ndi kusiyana wamba kopezeka ngakhale pa makina amodzi. Masamu ankangonena chimodzimodzi: palibe makina olakwa.

Koma bwana Pyo ankafuna chifukwa chochotsera a Bang, mkulu woyendetsa makina achitatu.

"Masamu anuwo ndi aulesi, mayi Seo. Mawa muwakwapule alankhule," anatero bwanayo kuphwando la akuntchito, akumuthirira mowa.

Chikho cha wamkulu sachikana. Mi-ran anachilandira ndi manja awiri, natembenukira kumbali kuti amwe mwaulemu, monga mwa mwambo wakwawoko.

Kumbaliko kunali a Bang, akumuwotchera nyama.