Munthu wa ku nyenyezi m'vidiyo sho ya ku Zingwangwa

Loweruka masana ndinachita zosayenera munthu wa imvi ngati ine: ndinalowa m'vidiyo sho kuseri kwa msika wa Zingwangwa. Chinandikoka ndi chithunzi chomata pachitseko. Filimuyo inachokera m'buku lakale lomwe ine ndi mnzanga, malemu a Nampuntha, tinkabwerekana mpaka chikuto chinathothoka.

Nkhani yake ndi ya munthu wokwera chombo kupita ku nyenyezi. Kwa iye ulendowo ndi wa miyezi yochepa, koma pobwera akupeza kuno kwadutsa zaka zambirimbiri, abale ake onse anatha. Chimwalirireni a Nampuntha ndilibe wocheza naye zoterezi. Ukangoyambitsa za nyenyezi pa bawo, anthu amakuyang'ana ngati wazungulira mutu.

Mukudziwa inu mmene mafilimu amayendera kuno. Mzungu asanatsegule pakamwa, womasulira m'Chichewa wamuyankhulira kale. M'buku, munthu uja atafika pomwe panali kwawo amakhala chete masamba asanu athunthu. Opanga filimu anamupatsa mphindi imodzi. Womasulira anamulanda ngakhale imeneyo.

"Akuluakulu, mtchona wabwera!" anakuwa m'sipika. "Wachoka ku Joni ndi kajumbo kokha, madamu anakwatiwa kalekale!"

Anthu anafa ndi phwete. Ine mtima unandiwawa.

Kodi tinayamba liti kuopa kukhala chete? Munthu akabwera kuchokera kutali ali chimanjamanja, timathamangira kumuseka, mwina poopa kuti tikamufunsa bwinobwino tilira naye.

Pabenchi langa panali bambo wina wa ovolosi yabuluu amenenso sanaseke. Ndinati mumtima, uyu ndiye anawerenga, ndapeza mnzanga. Potuluka ndinamutsatira.

"Achimwene, m'buku sizili choncho ayi. Nkhaniyi aiononga."

"Buku litinso, madala? Ine sindinawerengepo," anatero. "Koma womasulira uja sananame. Ine ndinakhala ku Joni zaka khumi ndi ziwiri. Pofika ku Bangwe ndinapeza pomwe panali nyumba ya amayi pali shopu ya eni ake. Manda awo anachita kundilozera ndi aneba."

Zomwe ine ndinazidziwira papepala, iye zinamuchitikira. Pamsewu makondakitala ankaitanira anthu. Pakamwa panga panali mawu akuti tiyeni tikamwe tiyi, koma manyazi a m'tauni anandiletsa. Bamboyo anandigwira chanza, nakwera minibasi ya ku Limbe.

Paja amati kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikusaka munthu amene anawerenga zomwe ndinawerenga, ngati kuti mabuku ndiwo amapanga chinansi. Amene akanandimvetsa anali pabenchi lomwelo, phewa kukhudza phewa, ndipo ndinamusiya apite osamufunsa dzina.

Ndikufuna ndikamufune. Koma Bangwe yense uja, ndikatsika minibasi ndikanene kuti ndikufuna yani?