Belu lomwe amayi analiza pa maliro a ababa

Mpaka lero ndikamva fungo la laimu wonyowa, ndimaona nsanja ya belu ya patchalitchi pathu, kufupi ndi Namitambo. Inali ya njerwa zootcha, yamakona anayi, yonenepa kunsi n'kumaonda pokwera, ndipo kumwamba kunali mazenera anayi okhota pamutu, opanda magalasi. M'kati munali mdima, mileme, makwerero a matabwa, ndi chingwe chakuda bii ndi thukuta la m'manja. Njerwazo anaumba ndi makolo athu Alomwe atangofika kuchokera ku Mozambiki, akazi akuzisenza pamutu kuchokera kudambo.

Chaka chomwe ndinali mu Sitandade 4, mvula inang'amba khoma la kummawa. Ababa anali mmisiri womanga, ndipo anamata mng'alu wonsewo okha, ali lende pa nsungwi, miyezi iwiri yathunthu. Ankabwera kunyumba tsitsi lili mbuu. Kuzizira kwa chiperoni kutayamba, nandolo akuchita maluwa, anadwala chibayo namwalira.

M'mawa mwake akatekisiti anafika, chipewa chili m'manja. "Pepani mayi, belu sililira, ndipo akhristu sadzaimba. Ukwati wanu sunali wodalitsidwa." Zinali zoona, poti mkazi woyamba wa ababa anali moyo kwawo ku Ndunde. Koma mtima unandiwawa zedi. Munthu wapachika moyo wake pa nsanja yanu, ndiye aikidwe mwakachetechete ngati wakuba? Ayi ndithu.

Amayi anamanga chitenje m'chiuno, nandigwira dzanja, ulendo wa kutchalitchi. Chingwe cha belu mkazi sankachigwira, koma iwo anachikulunga m'manja. Belu la maliro limalira kamodzi, n'kudikira, kenako kamodzinso. Amayi anangoti ngee ngee ngee osapumira, momwe amalizira moto ukabuka. Ine manyazi! Ndinawakoka chitenje. "Amayi, mwalakwitsa, si choncho!" Sananditembenukire n'komwe.

Anthu anathamanga kuchokera m'minda ya mbatata, ena ndi ndowa za madzi, ena ndi nthambi zozimira moto. Ngakhale Asilamu ogulitsa pamsika anafika ali wefuwefu. Amayi anatuluka, zikhatho zitasupuka, naima pakhomo pa nsanja.

"Palibe chimene chapsa," anatero. "Amene anakumatirani nsanjayi agona kunyumba kwanga. Wofuna kubwerera abwerere ndikumuona."

Palibe anabwerera. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya maliro panjira pomwepo, ndowa ikadali pamutu, onse n'kuvomera. Akatekisiti anatitsatira kumbuyo, maso ali pansi.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti chisoni chinawasokoneza amayi mpaka kuiwala kalizidwe kake. Ndinadzazindikira nditabereka kale ana anga. Belu limenelo analimva zaka makumi atatu, ndipo ankadziwa bwino kuti akanaliza la maliro, anthu akanangofunsana kuti wamwalira ndani, n'kupitiriza kukumba mbatata zawo. Koma likalira la moto, palibe amene amayamba wafunsa ngati mwini nyumba anadalitsa ukwati.