Phulusa m'mutu mwa amayi

M'mawa uno potaya phulusa la m'mbaula, mwana ali kumbuyo, maganizo angondithawira kwathu ku Chikanda.

Ndili wamng'ono, masamba a maliro sankachoka pamsewu wathu. Omwalira anali azakhali, aphunzitsi, anthu a tsitsi lakuda bii. Nkhalamba zinkatsala, n'kumaimba nyimbo. Ine ndinkayesa imfa imaopa imvi. Tsiku lina amayi atagona pamkeka, akutsokomola, ndinawapaka phulusa m'mutu monse.

"Iwe Tadala, wapenga? Ndasanduka mbatata yootcha ine?"

"Kuti musafe, amayi."

Sanandimenye. Anangotembenukira kukhoma.

Lero imvi zawo n'zenizeni, koma sitiroko yawapha dzanja, anzawo akutha ndi shuga, ndipo ine foni ikalira ndimayamba ndaganiza za maliro ndisanayankhe.