Khosi la gitala ya achimwene

Usiku wathawu ndinalota zinthu zoti mpaka pano mutu wanga ukadali komweko. Anzanga, ndimvereni, mwina wina mwa inu andimasulira.

Ndiyambe ndi zenizeni kuti musasokere. Ine ndine Fatsani, kalipentala, ndipo pambali pa mipando ndi makabati ndimakonzanso magitala. Woimba kwathu ndi achimwene anga a Lameki. Chaka chatha anagwa pa njinga yamoto. Dzanja lamanzere linapola, koma zala sizipinda ngati kale, moti khosi la gitala wamba sangathenso kulifumbata. Ndinayesa kawiri kuwasemera khosi lopyapyala ndi tchizulo ndi tupa. Loyamba linapindika, lachiwiri linkawapweteka pachala chachikulu. Thabwa louma bwino latsala limodzi lokha, la mbawa, lomwe malemu bambo anasiya kudenga kwa shopu. Ndiye kuli Mayi Nambewe, amene ali ndi makina osema matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta, omwe amapangira zitseko zamaluwamaluwa. Iwo anandiuza kuti titayeza bwino dzanja la achimwene, makinawo atha kusema khosi lowakwana ndendende. Ine sindinawayankhe kanthu.

Kutuloko tsono, ndinapezeka ndili m'minibasi masana dzuwa likuswa mtengo, thabwa lija litakhala pampando pambali panga ngati munthu. Kondakitala anawerama n'kulipatsa moni mwaulemu, ine osandiyang'ana n'komwe. Sindinadabwe. Ndinangolisendezera kuwindo kuti lipitidwe mphepo.

Kenako tinatsika pa chigayo. Chinali chigayo chakumudzi kwathu chomwe chija cha malata adzimbiri, koma ndinkadziwa kuti ndi shopu ya Mayi Nambewe. Panja panali mzere wautali wa amayi, aliyense atasenza thabwa pamutu m'malo mwa thumba la chimanga. Atandiona anapatuka onse, ine n'kudutsa pakati. M'katimo Mayi Nambewe anali atayera mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atakhala kutsogolo kwa kompyuta. Pagalasi la kompyutayo panali chithunzi cha khosi la gitala chojambulidwa ndi timizere tobiriwira, chikutembenuka chokha pang'onopang'ono ngati nsomba m'madzi.

"Dzanja mwabwera nalo?" anandifunsa.

Ndinapisa m'thumba la jekete, ndiye ndinalipezadi dzanja la achimwene litakulungidwa m'nyuzipepala, likadali lofunda. Ndinaliika pagalasi paja. Timizere tija tinayamba kusuntha, tina kulowa m'kati, tina kutuluka, mpaka chithunzi chonse chinagona m'chikhatho bwinobwino. Nditacheuka ndinaona achimwene ali pakona, atakhala pa thumba, manja onse awiri ali nawo, akusenda nandolo.

Ndiye Mayi Nambewe anagoneka thabwa lija patebulo la makina, n'kulimanga ndi zitsulo mbali zonse zinayi. Ndinkaona ngati akulimanga kwambiri moti lilephera kupuma. Anadina batani lofiira. Kachitsulo kosemera kanatsika kuchokera kumwamba kakuzungulira, n'kukhudza thabwa. Ndinatseka makutu poyembekeza phokoso, koma phokoso panalibe. Makinawo ankang'ung'udza kanyimbo kamene bambo ankakonda kuimba chamumtima akamapala matabwa, kopanda mawu kaja. Kachitsulo kankapita kutsogolo, kubwerera, kupita, kubwerera, osafulumira, ndipo utuchi wofiira unkagwa kuchokera kudenga ngati mvula yowaza. Unkanunkhira ngati shopu yathu m'mawa tikangotsegula chitseko. Unafika m'akakolo, kenako m'mawondo. Nkhuku ziwiri zinadutsa zikusambira mu utuchimo.

Kenako khosi lija linayamba kutalika. Linatulukira pakhomo la chigayo, kudutsa amayi aja, kuwoloka dambo, mpaka linasanduka msewu wofiira wolunjika kuphiri. Tizitsulo topingasa tija, timene munthu amadinapo zala poimba, tinali titagona mumsewumo ngati njanji. Nsambo zisanu ndi imodzi zinali m'mwamba ngati mawaya a magetsi, ndipo mbalame iliyonse ikaterapo pankamveka liwu lake, lina lalikulu, lina laling'ono. Ndinavula nsapato n'kuyamba kuyenda. Pansi panali posalala ndi pozizira, ngakhale dzuwa linali pamutu. Ndinkawerenga tizitsulo tija ndikamatilumpha, ndipo ndinkamva kupepuka ngati thupi ndalisiya kuchigayo.

Pa kachitsulo ka khumi ndi chiwiri ndinapeza bambo. Anali atagwada pakati pa msewu, pensulo ili kukhutu, atavala ovolosi yawo yabuluu yong'ambika pabondo. Sanali okalamba ngati mmene anatisiyira. Anali a msinkhu wangawu, mwinanso ocheperapo. Ankasisita msewuwo ndi chikhatho atatsinzina, monga ankachitira akafuna kudziwa ngati thabwa lapalika. Ine ndinachita mantha ngati mwana amene wathyola sowo.

"Bambo, si ine ndasema. Ndi makina," ndinatero.

"Nanga anayeza ndani?" anandifunsa osatsegula maso.

Ndiye anagwira dzanja langa n'kuliika pamalo ena pambali pa msewu. Panali pokhakhala pang'ono, poti ndi maso sungapaone.

"Apa m'pamene mkulu wako amapumitsa chala. Wopamaliza ndi iwe."

Anandipatsa sandipepa. Ndinagwada n'kuyamba kukwecha. Sandipepayo inasanduka tsamba, tsambalo linasanduka chikhatho changa chomwe, koma ndinapitiriza ndipo pankasalala ndithu. Nditadzutsa mutu kuti ndiwaonetse, bambo anali atafika kale patali, akukankha njinga yawo kulowera kuphiri, osacheuka. Sindinalire. Ndinangoona ngati apita kukagula misomali.

Apa m'pamene zinasintha. Ndinamva kanyimbo kaja kumbuyo kwanga, ndipo nditacheuka ndinaona kachitsulo kosemera kakubwera mumsewu, kakusemabe. Sikanaime. Pomwe kadutsa msewu unkachepa, kuchoka pa msewu kufika pa kanjira, kuchoka pa kanjira kufika pa ndodo. Thabwa linapyapyala moti ndinkaona pansi pake: madenga a nyumba, minda ya chimanga, mbuzi zikuoneka ngati nyerere. Kunali kutali kwambiri pansipo. Ndinafuna kukuwa kuti Mayi Nambewe azimitse makina, koma m'kamwa munali mutadzaza utuchi. Iwo ndinkawaona kutali, ang'onoang'ono pakhomo la chigayo, akundibayibitsa mosangalala. Thabwa linalira kuti tswee pansi pa mapazi anga. Ndinadziwa kuti likathyoka palibenso lina.

Ndiye panatulukira dzanja lalikulu n'kunyamula msewu wonse, ine ndili pomwepo. Linali dzanja lamanzere la achimwene, ndi chipsera cha ngozi ya njinga ija. Zala zinapinda chimodzi ndi chimodzi mpaka zonse zinafumbata. Ndinaona ndi maso angawa chala chaching'ono, chimene chinauma kuposa zonse, chikupinda ngati cha khanda.

Kenako tinali pabwalo la nyumba ya achimwene, ine nditakhala pa ndowa yovundikira, iwo pampando, gitala ili pamiyendo. Inali gitala wamba tsopano, khosi lake lofiira likunyezimira. Anthu anali atadzaza, ena akutchalitchi, ena amene tinaphunzira nawo kalekale, ngakhale kondakitala uja analipo atavala suti. Alamu, akazi a achimwene, anali ataima pakhomo atagwira kukamwa. Achimwene anadina nsambo, anakweza dzanja lamanja, n'kukhwacha.

Ine sindinamve kanthu. Zii. Koma anthu onse anadzuka n'kuyamba kuvina, fumbi koboo, amayi akululutira pakamwa pali yasa popanda liwu lotuluka. Nsambo ndinkaziona zikunjenjemera. Achimwene ankaimba mutu uli m'mwamba, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo sindinadziwe ngati akulira ndi chimwemwe kapena dzanja likuwapweteka. Anandiyang'ana.

"Fatsani, wamva?"

Mawu awo okhawo ndi amene ndinawamva. Ndinafuna kunama kuti ndamva, ndinafunanso kunena zoona. Ndinasendera pafupi, n'kuika khutu pa bowo la gitala. M'katimo munali mdima ndi kamphepo kozizira. Ndiye wina anagogoda kuchokera m'kati momwemo: go, go, go.

Ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ndipo wogogodayo anali neba wathu akukhoma msomali pa mpanda. Mayi akunyumba anali atakhala m'mphepete mwa bedi akundiyang'ana. Akuti kwa nthawi ndithu ndinkasisita khoma ndi chikhatho, mpaka laimu wa pakhomapo anandikanirira m'manja.

Nditatsegula foni ndinapeza uthenga wa Mayi Nambewe woti makina alibe ntchito lero masana, ngati ndikufuna ndipite ndi achimwene tikayeze. Sindinawayankhebe, ndipo achimwene sindinawauze chilichonse.

Ndiye inu odziwa kumasulira, tandiuzani. Bambo aja amandiloleza kapena amandichenjeza? Kupyapyala kuja n'kutha kwa thabwa, kapena ndi mantha anga chabe? Koma chimene chandivuta kwambiri n'chakumapetoku: bwanji bwalo lonse linamva nyimbo, kupatula ine ndekha?