Sinowo wa ku Soche

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amayi anapita ku Mangalande kukagwira ntchito yosamalira okalamba. Anthu a kutchalitchi kwathu ankatipatsa moni ngati tawina mpikisano. "Tiya, basitu walemera iwe," ankatero akundisisita pamutu. Ine ndinkamwetulira chifukwa ndinaphunzitsidwa ulemu, koma ndikaweruka kusukulu, nyumba yathu ya ku Soche inkandilandira ili zii. Ndinkatsegula ndekha, n'kukumana ndi fungo la nyumba yomwe yatsekedwa tsiku lonse. Bambo ankafika mochedwa, ndipo ngakhale akhalepo sanali munthu wa nkhani. Mawu awo ankawaumira ngati shuga wa kumapeto kwa mwezi.

Amayi ankaimba foni Lamlungu lokha, tikabwera kutchalitchi. Sabata yonse ndinkasonkhanitsa zoti ndidzawauze, koma foni ikangolira zonse zinkabalalika. Iwo ankafunsa ngati ndadya, ngati sukulu ikuyenda, n'kundikumbutsa kuti ndizimvera adadi anga. Ine ndinkangoti eya, eya, chabwino. Kenako tonse tinkakhala chete, aliyense akumva kupuma kwa mnzake, mpaka amayi ankati, "Apatse adadi ako." Ndinkalowa kuchipinda mtima ukuwawa. Ndinkakhulupirira ndithu kuti amayi ayamba kundiiwala, ndipo zimenezi zinkandiopsa kuposa china chilichonse.

Pakona pa balaza panali kompyuta yakale imene bambo anagula kuntchito kwawo pamene ankagulitsa zinthu zotha ntchito. Inali ya chimutu chachikulu, ndipo ikayaka inkalira ngati chigayo cha kutali. M'menemo munali gemu imene achimwene a Gifiti, mnyamata wobena nyimbo ndi mafilimu pa ma CD mumsika wa Zingwangwa, anatiikira ngati basela. Inali gemu yomanga nyumba ndi kulera anthu. Umapanga banja, n'kumalidyetsa, kuligoneka, kulitumiza kuntchito. Anzanga a m'kalasi amene kwawo kunali zinthu ankati imeneyo ndi ya makedzana, kunatuluka kale zina zatsopano. Ine ndinalibe nazo ntchito zimenezo. Ndinapanga bambo, mwana wamkazi, ndi mayi wovala diresi lobiriwira amene sankapita kulikonse. Akangoyandikira geti, ndinkamubweza.

Lamlungu lina amayi ananena chinthu chachilendo. "Kunotu kukazizira kumagwa sinowo, kunja konse kumayera mbee, zala kuchita kuuma." Aka kanali koyamba kundiuza kanthu ka moyo wawo wa kumeneko. Nditafunsa kuti sinowoyo amaoneka bwanji, anaseka n'kunena kuti n'zovuta kufotokoza, ndiyenera kudzaona ndekha.

Tsono gemu ija ikamayamba inkaonetsa zithunzi za zigawo zowonjezera zimene munthu angagule. Chimodzi chinali cha nyengo: mvula, mphepo, ndi sinowo akugwera padenga. Ndinali nditachiona kambirimbiri osachilabadira, koma kuyambira tsikulo chinandilowa mumtima. Vuto linali lakuti sichinkagulitsidwa pa benchi ngati ma CD. Unkayenera kulipira pa intaneti ndi khadi la kubanki, iwo n'kukupatsa zilembo ndi manambala otsegulira, kenako n'kuchidawuniloda. Bambo anandiyankha mwachidule kuti khadi lawo ndi lotapira malipiro basi, silidziwa za kunja. Choncho pamene amayi anafunsa chomwe ndikufuna pa tsiku langa lobadwa, sindinatchule nsapato kapena diresi.

Anagula. Zilembo zija anandiwerengera pafoni, akukuwa ngati ali tsidya lina la mtsinje wa Mudi: "B ya Blantyre, iwe, osati D ya Dedza!" Bambo anabwereka kachipangizo ka intaneti kolowetsa pakompyuta, n'kugula bandulo akung'ung'udza. Kamzere kosonyeza pomwe zafika kankayenda ngati kakudwala. Kakafika pakati, magetsi ankathima. Kakayandikira kumapeto, bandulo inkatha. Bambo ankangodutsa n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine ndikufuna kuphulika. Pamapeto pake zinatha ndithu, koma nditadina, panatuluka kabokosi ka Chingerezi konena kuti gemu yoti chigawocho chilowemo sikupezeka. Gemu imene ndinkasewera tsiku lililonse, akuti sikupezeka! Ndinalira mpaka kutupa maso.

Mawa lake linali Lolemba. Nditafika kunyumba, foni imene bambo ankandisiyira inalira. Ndinachita mantha, chifukwa foni ya kunja ikalira pakati pa sabata kwathu tinkadziwa kuti kwagwa zovuta. Anali amayi, ali pa nthawi yopuma kuntchito.

"Adadi ako akuti yakana. Tayatsa, undiwerengere zomwe yalembazo."

Tinayesa kuzimitsa n'kuyatsanso. Tinayesa kulembanso zilembo zija. Zinakanika, ndipo anati aimbanso mawa. Anaimbadi, ndi mkuja womwe, ndi tsiku linalo. Madzulo aliwonse dzuwa likamapendekera kuseri kwa nyumba za anthu, mthunzi wa phiri la Soche utayamba kuda, foni inkalira ndipo amayi ankabwera ndi nzeru yatsopano yoti tiyese.

Koma kompyuta ija inali yaulesi. Kuti iyake, munthu ukanatha kuwiritsa madzi a tiyi. Pa nthawi yodikirayo sitikanangokhala, ndiye tinayamba kucheza osadziwa kuti tikucheza. Amayi anandiuza za gogo wina wachizungu amene ankawaitana ndi dzina la mchemwali wake yemwe anamwalira kalekale, ndipo iwo ankangovomera. Anandiuza za kasitolo kena komwe anapeza usipa wouma, n'kugula ngakhale unali wodula mochititsa manyazi, ndiponso za mabasi a kumeneko momwe anthu amakhala phee ngati akupita kumaliro. Inenso ndinawauza za Memory, mnzanga amene anasiya kundilankhula popanda chifukwa, za aphunzitsi a masamu amene ankandiseka, ndi zinthu zina zimene mtsikana wa msinkhu umenewo sangauze bambo ake. Tsiku lina tinaseka mpaka kompyuta inayaka n'kudzizimitsa yokha ife osaona.

Zinapitirira choncho kwa masabata angapo. Koma mwana ndi mwana. Ine maso anga anali pa sinowo, ndipo tsiku lililonse likatha popanda kumuona ndinkapsa mtima. "Mami, inunso simukudziwa chilichonse," ndinawauza tsiku lina. Iwo anangoti, "Eya, ndine mbuli. Tiyesanso mawa."

Loweruka lina ndinatopa nazo. Ndinapempha chilolezo kwa bambo, n'kutsetsereka wapansi kupita ku Zingwangwa, ndikuzemba maminibasi ndi madzi a m'ngalande. Achimwene a Gifiti ndinawapeza pa benchi yawo, masipika akugunda mpaka m'mimba. Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsitsa voliyumu.

"Iwe mwana, mwagula matayala atsopano a mushopu pomwe galimoto ilibe mapepala. Gemu ndinakuikira ija ndi yobena. Chowonjezeracho ndi cha orijino, ndiye chikufuna inzake ya orijino. Ukawauze masteni agulenso gemu yeniyeniyo. Ndi yakale imeneyo, akuigulitsa motchipa."

Ndinabwerera ndikuthamanga, ndikudziona ngati katswiri. Madzulo amayi ataimba sindinadikire n'komwe moni, ndinawakhuthulira zonse. Iwo anangoti, "Oo. Chabwino, ndigula."

Sabata yotsatira zonse zinatheka. Unali mwezi wa Okutobala, kukutentha moti malata ankachita kulira. Ndinakhala pa mpando thukuta likuyenderera, ndikuonera tizinthu toyera tikugwa pang'onopang'ono pa nyumba ya anthu anga aja. Ndinaitana bambo. Anasuzumira, magalasi ali pamphuno, n'kufunsa kuti, "Ndi zimenezi basi?" Foni italira ndinakuwa kuti, "Mami, yatheka! Ndamuona sinowo!"

"Zikomo Ambuye," anatero. Kenako panali chete uja wakale. Anafunsa ngati ndadya, ine ndinati eya.

Tsiku lotsatira ndinakhala pakompyuta, foni ili pambali. Mthunzi wa phiri unada, azimayi a mandasi anadutsa akubwerera kwawo, foni osalira. Mawa lake chimodzimodzi. Inadzalira Lamlungu, titabwera kutchalitchi. Sinowo ndinali naye tsopano, wochuluka mmene ndingafunire, koma ndinkamuonera ndekha m'nyumba yopanda munthu, ndipo kusungulumwa kwake kunaposa kwa poyamba chifukwa tsopano ndinkadziwa chimene ndikusowa. Ndinaganizapo zonama kuti gemu yawonongekanso, koma ndinachita manyazi. Kunena kuti "Mami, muziimba chabe" sikunandibwerere n'komwe m'mutu. Kwathu foni ya kunja siinkaimbidwa popanda nkhani. Patapita nthawi ndinasiya kuyatsa kompyutayo.

Amayi anabwerera ine nditamaliza kale koleji. Anamanga nyumba ku Machinjiri, ndipo kumeneko ndi komwe nkhaniyi inadzatulukiranso, tsiku lina tikusenda nandolo pakhonde. Ndinaikumbutsa mongoseka, kuti anthu awiri athunthu tinavutika masabata onse aja ndi chinthu chomwe mnyamata wa mumsika anachidziwa nthawi yomweyo.

Amayi sanadzutse mutu. "Inetu ndinkadziwa," anatero. "Mnyamata wina wa kuntchito anandiuza tsiku lachiwiri lomwe kuti gemu yakoyo ndi yobena."

Manja anga anaima. "Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanati ndanena, ndikanaimbanso kuti chiyani? Lamlungu lililonse unkangoti eya, eya. Ndinkaona ngati unandikwiyira kuti ndinakusiya, ndiye ndinkachita kuopa kukuimbira. Ija itakana ndinapeza poyambira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tsiku unati yatheka lija, ndinakalirira kubafa ya kuntchito."

Tinapitiriza kusenda mpaka lichero linadzaza.

Lero ndikumvetsa kuti m'zaka zonse zija tinali anthu awiri osungulumwa, wina ku Soche wina kutsidya kwa nyanja, aliyense akuganiza kuti mnzake samufuna, aliyense akudikira chifukwa chomveka choti alankhulire. Palibe anatiphunzitsa kuti kusowana ndi chifukwa chokwanira. Masiku ano amayi ndimawaimbira ngakhale ndilibe nkhani, ndipo akandifunsa kuti kwagwanji ndimati palibe, n'kukhalabe pafoni. Koma zaka zija sizibwerera. Pa ubwana wanga wonse wotsalawo, masabata a gemu yokanika aja ndi okhawo amene ndinali ndi amayi, ndipo ndinawathetsa ndekha, ndikuthamanga kuchokera ku Zingwangwa, ndikusangalala.