Chigubu cha ku Mombasa

Eness ndinamudziwa mu 1993, pamzere wa madzi ku Ongata Rongai. Ndinamva munthu akung'ung'udza m'Chichewa kuti chigubu chake chikudontha, ndipo nditacheuka ndinaona mayi wamfupi wa mpango wobiriwira, atatseka kabowo ka chigubucho ndi chala. Anali wa ku Dedza. Kumudzi anaphunzira unamwino, nagwira zaka zinayi pachipatala cha mishoni. Kenako amuna ake, a Dunstan, anapeza ntchito kubungwe lina la mipingo ku Spring Valley, iye n'kuwatsatira ku Nairobi ndi mwana wawo Lonjezo. Chikalata chimene anapatsidwa chinkangomulola kukhala m'dzikomo. Pafomu iliyonse a Dunstan ankalemba kuti akazi awo sagwira ntchito.

Nyumba yawo ya zipinda ziwiri inali ngati depoti. Mmalawi wobwera kumsonkhano, wodikira ndege ya ku Ulaya, wodzaonana ndi dokotala, aliyense ankapatsidwa nambala ya a Dunstan. Iwo ankati, "Bwerani, kwathu n'kwanu," n'kukwera minibasi, imene ku Nairobi amati matatu, ulendo wa kuofesi. Wotsala ndi alendowo anali Eness. Ankatunga madzi, kuchapa zofunda, kuwaperekeza kumsika wa Gikomba, kuwanenerera mitengo m'Chiswahili, n'kuwasenzera zimene agula. Alendo akafika kumudzi ankalemba kalata yothokoza a Dunstan chifukwa cha mtima wawo wabwino.

Pa zaka zonsezo ndinamumva akupempha chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuona nyanja yamchere. Ankati mphunzitsi wake wa Sitandade 6 anawauza kuti madzi ake amachoka m'mawa n'kubwereranso okha masana, ndipo iye sanakhulupirire. A Dunstan ankalonjeza chaka ndi chaka. Chaka ndi chaka kunkabwera mlendo.

Mu Disembala 1998 kunabwera akulu awo a Dunstan, a Arthur, kuchokera ku Lilongwe, pamodzi ndi akazi awo a Isabel, ana awiri, ndi aNankhoma, mayi okalamba a abale awiriwo. Inali holide ya masabata awiri, ulendo wawo woyamba kunja kwa Malawi. A Dunstan analengeza kuti masiku atatu omaliza onse akathera ku Mombasa. Eness anagula nsalu yopyapyala yachikasu, nasoka diresi. Mpendero wake ndinamugwirira ndine.

Masiku khumi ndi limodzi oyambirira ndinkamuona akudutsa ndi zigubu anthu asanadzuke. Anthu asanu ndi atatu ankasamba madzi otentha. Ana a alendo anakana ndiwo zamasamba za sukumawiki, a Arthur anakana chapati chogona. Ndiye miyendo ya aNankhoma inatupa atangotsika ndege, moti Eness ndiye ankaiika pamtsamiro, kuwaphikira ndiwo zawozawo zopanda mchere, ndi kuwapatsa mapiritsi pa nthawi yake.

Lamlungu, titaweruka kutchalitchi, banja linakhala pabalaza kuti limange za ulendo. Ine ndinali kukhitchini ndi Eness, ndikumuthandiza kukanda ufa wa mandasi. Chitseko chinali chotsegula.

"Kuli Naivasha," anatero a Dunstan. "Ndi pafupi. Tikhoza kubwereka galimoto, tonse n'kukwana, amayinso osavutika."

"Naivasha kuli chiyani?" anafunsa a Arthur.

"Nyanja, mvuu, mbalame."

"Ndiye ndikwere ndege kudzaona mvuu? Ku Liwonde zatha? Kuofesi ndawauza kale kuti ndikupita ku Mombasa. Ukufuna akandiseke?"

Ana anaimba m'manja kuti Mombasa, Mombasa. A Isabel anati iwo kulikonse, bola kukhale mashopu.

Apo aNankhoma anakhosomola. "Ine za sitima ya usiku wonse ndi miyendo iyi, ayi. Pitani inu. Mundisiye pano."

Eness analeka kukanda.

"Ine ndikanatsala nawo," anatero a Isabel, "koma mapiritsi aja ndimawasokoneza, oyera ndi ofiira aja. Mwayi wake m'nyumba muno muli anesi."

"Amake Lonjezo," anaitana a Dunstan. "Tabwerani. Inu mukuti bwanji?"

Eness anapukuta manja, nakagwada pakhomo la pabalaza, poti panali apongozi ndi alamu aakulu. Kwathu mkazi wokwatiwa sanena pamaso pa apongozi kuti ine ndikufuna chakuti. Amakana kaye, ndipo enawo amadziwa kuti kukana koyamba si yankho. Amamuumiriza kachiwiri, kachitatu, mpaka avomere ngati wokakamizidwa, ulemu wake uli chikhalire. A Dunstan ankaudziwa bwino mwambo umenewu. Ndinawaonapo kambirimbiri akuumiriza mlendo katatu kuti awonjezere nyama.

"Zili kwa inu," anatero Eness, maso ali pansi. "Ine ndikhoza kutsala."

Anakhala chigwadire, kudikira.

"Mwamvatu," anatero a Dunstan. "Alibe vuto. Ndiye mawa ndikagula matikiti asanu ndi limodzi."

Ine si munthu wolankhula pagulu, koma ndinasuzumira n'kunena kuti ndikhoza kudzagona ndi agogo masiku atatuwo, Eness atandilembera nthawi za mapiritsi.

"Zikomo a Lenah," anatero a Dunstan, "koma anthu angatiseke. Mayi athu kusamalidwa ndi anansi, mpongozi alipo?"

Ndinayang'ana aNankhoma. Mawu awo amodzi akanakwanira. Iwo ankakonza chitenje pamaondo.

Eness anabwerera kukhitchini n'kuyatsa sitovu. Mandasi aja anasanduka kamba wa paulendo. Anawonjezera nkhuku yokazinga ndi mazira owiritsa, nasita zovala za anthu asanu ndi mmodzi. Tsiku lonyamuka a Isabel anaona diresi yachikasu itapachikidwa kuseri kwa chitseko.

"Akuti ku Mombasa kumatentha, ine zanga zonse n'zokhuthala. Mundibwereke iyi, amake Lonjezo. Inu simuivala sabata ino."

Anawabwereka. Anaitalikitsanso pang'ono, poti a Isabel ndi aatali.

Masiku atatuwo ndinkapita kukamuona masana. Sanadandaule. Kamodzi kokha, tikuyanika mashiti, anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Kodi ndinanena motsitsa kwambiri, kapena anamva?" Ndinamuuza kuti anamva. Sanafunsenso.

Apaulendo aja anabwera Lachisanu m'mawa, atada ndi dzuwa, mchenga uli m'zikwama. Ana ankalimbirana kufotokoza. Madzi amachokadi, anatero Lonjezo, amapita kutali mpaka munthu kuyenda pansi pamene panali nyanja. A Arthur anatsitsa chigubu choyera cha malita asanu n'kuchiika pakati pa balaza.

"Amayi, mankhwala anu aja ndi awa. Ndatunga ndekha, kuzama mpaka m'chiuno."

ANankhoma anali atawatuma madzi a m'nyanja, chifukwa kumudzi anamva kuti amaphwetsa miyendo yotupa. Eness anali nesi, ankadziwa kuti madziwo sachiza kanthu. Koma wina anayenera kuwafunditsa, ndipo palibe amene anafunsa kuti ndani. Anawathira mupoto, kenako m'beseni, nagwada pasimenti, n'kuyamba kusisita mapazi a apongozi ake. Pamwamba pa mutu wake anthu ankapatsirana zigoba za nkhono ndi kukambirana za hotelo imene anagonamo, kumene chakudya chinkangobwera chokha.

"Koma sichinafike pa cha pano," anatero a Arthur. "Dunstan, nyumba yako iyi yaposa hotelo. Chaka chamawa tibweranso."

Atamaliza, Eness ananyamula beseni kupita nalo kuseri, ine ndikumutsatira ndi thaulo. M'chigubu munali mutatsala madzi pang'ono. Anaviikamo chala n'kulawa.

"Ndi mchere basi," anatero.

Madzi a m'beseni anakawataya kutali ndi kadimba kake, kuti asaotche masamba.

Loweruka alendo anakwera ndege. Diresi ija inapita nawo ku Lilongwe m'sutikesi ya a Isabel, mwangozi akuti. Patapita miyezi iwiri kunabwera envelopu ya zithunzi. Pachithunzi china diresiyo ili m'mphepete mwa madzi, ikuuluka ndi mphepo. A Dunstan anachiika m'felemu n'kuchipachika pabalaza, ndipo Eness ankachipukuta fumbi Loweruka lililonse pamodzi ndi zina zonse.

Sanatchulenso za Mombasa. A Dunstan anayesapo kamodzi, mu 2002, kunena kuti mwina Pasaka ikubwerayi. Eness anangofunsa kuti alendo a sabata yamawa ndi angati, kuti adziwe mabulangete ochapa.

Anabwerera ku Malawi mu 2007, a Dunstan atapuma pantchito. Amalawi a mu Nairobi tinawakonzera phwando lotsanzikana m'holo ya tchalitchi. Anthu asanu ndi awiri analankhula. Onse anati khomo la a Dunstan silinatsekedwepo, ndipo anawapatsa wotchi yapakhoma. Wachisanu ndi chimodzi anakumbukira kunena kuti, "ndi amayi omwe." Anthu anacheuka kuwafuna amayiwo kuti aimirire, koma Eness anali panja, akutsuka mapoto a mpunga amene anaphika yekha.

Polongedza katundu anandigawira zimene sakanatha kunyamula: mbaula, zidebe ziwiri, ndi chigubu choyera chija. Ndinamufunsa ngati sakufuna kuchitenga. Anati ayi, ku Dedza sachifuna, koma ndichisunge chifukwa n'cholimba, sichidontha. Mpaka lero ndimatungira madzi.