Mdala wa mbalame ndi botolo la mlendo

Ku Chiputula palibe amene sawadziwa mdala operekeza alendo kukaona mbalame m'nkhalango ya Kaning'ina. Amayenda ndi nsapato za matayala, ndipo akaimba mluzu, mbalame zimawayankha ngati adzukulu awo. Alendowa ndiwo anawasiyitsa kuotcha makala, komabe amakonda kunena kuti, "Mlendo ndi mvula, amameretsa chimanga ndi udzu womwe."

Tsiku lina mzungu wina atamwa madzi anaponya botolo patchire. Mdala sanakalipe. Analitola, n'kuyenda nalo tsiku lonse. Mlendoyo akukwera galimoto, anamupatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse, dalaivala akufa ndi phwete.

"Bwana, munaiwala katundu wanu. Yewo chomene, mudzabwerenso."

Mpaka lero mdala amalumbira kuti botololo linakwera ndege.